Mchenga Wosatsuka

Chigwa cha Kuiseb, Namibia
3 Marichi 2024

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kuno kuchipululu. Ine ndili bwino, kaya inu ndi miyendo yanu ija? Atsibweni a Goliati ali bwanji? Ndalemba kalata m'malo moimba chifukwa kwathuko netiweki imagwira pachulu cha kwa a Goodman pokha, ndipo munthu ukamalankhula pamenepo ngakhale mbuzi zimamva nawo. Ndijambula kalatayi n'kutumiza pafoni ya amayi aang'ono a Fainess, iwo akuwerengerani.

Munadandaula kuti mukauza anzanu kutchalitchi kuti mwana wanu anapita kunja kukaphunzira mchenga, amakusekani. Lero ndikufotokozereni kuti muziwayankha. Tikukhala m'mbali mwa mtsinje wopanda madzi. Mwina chaka chimatha osaona ndi dontho lomwe, kenaka mvula ikagwa kumapiri akutali madzi amangotulukira mwaukali, n'kusiya mchenga, basi n'kuphwa. Tsidya lina kuli mapiri a mchenga wofiira wokhawokha, tsidya lino kuli miyala yotuwa. Ine ndimatapa mchenga wa m'chigwamo n'kuuthira m'masefa osanjikizana, la maso aakulu pamwamba, la maso aang'ono pansi, makina n'kugwedeza. Zotsala m'sefa lililonse ndimaziyeza pasikelo. Njere zikakhala zosakanikirana, zina zazikulu zina zazing'ono, zakuthwa m'mbali, ndiye kuti zinabwera ndi madzi aukali. Zikakhala zobulungira ndi zofanana ngati mapira, ndiye kuti inazinyamula ndi mphepo. Ndikatero ndimaziika pamakina okuza zinthu kuti ndione mitundu yake. Muli zoyera za nsangalabwi, muli topyapyala tonyezimira ngati mamba a matemba, mulinso takuda tomata kumaginito. Mtundu uliwonse umaulula phiri limene unachokera.

Tsopano pempho langa ndi ili. Aphunzitsi anga avomera kuti ndifananize mchenga wa kuno ndi uja napolo wa chaka chatha anasiya m'munda mwathu. Munditapire pamalo atatu: kumtunda pamene khwawa limatulukira m'phiri la Michesi, pakati pa munda, ndi kumunsi kumene kunali nthochi zija. Malo aliwonse m'jumbo mwakemwake. Mupatse a Kaliati oyendetsa thiraki aja, akubwera ku Walvis Bay kudzatenga mchere, ndipo pepala lodutsira pamalire ndawatumizira kale.

Amayi, mchenga umenewu ndikuufuna moti ndikuchita kuulota. Kuno mvula kulibe, ndipo fungo la dothi lonyowa ndalisowa kwambiri, nditafika lero ndingathe kunyambita khoma. Madzi a kuno ndi amchere, m'mawa amandichititsa nseru. Koma musadandaule, ndanenepa, siketi ya buluu ija sikutsekanso. Mukapeza bwemba muikemonso.

Eneya mumupatse moni. Foni yake chigwereni m'nkhuti ya njerwa akukana kugula ina, akuti ayambe wagula malata. Nyumba akumanga pakhomo pathupo yafika pati? Mumuuze kuti chinkhoswe chathu cha mu Ogasiti ndikuchiganizira tsiku ndi tsiku.

Ndine mwana wanu,
Lenia

Kwa Nazombe, Phalombe
17 Marichi 2024

Mwana wanga Lenia,

Moni. Ife tilipo, miyendo ndi yomwe ija, imayenda ikafuna yokha. Kalata yako Fainess anandiwerengera kawiri. Ulendo woyamba ndinaseka. Ulendo wachiwiri, titafika pa nseru, siketi ndi bwemba, Fainess anandiyang'ana, inenso ndinamuyang'ana, ndipo palibe anasekanso.

Za masefa ndi maginito ndazimva. Sukulu ndi yabwino, imaphunzitsa munthu kuzungulira nkhani. Ife kale tinkangoti mtima ukufuna dothi, akuluakulu n'kudziwa chochita. Ukudziwa kuti pamene ndinali ndi iwe m'thupi ndinadya khoma la khitchini mpaka malemu bambo ako anakagula mankhwala a chiswe. Zinazi mayi satchula ndi pakamwa pake, ndiye ndingoti takumva.

Mchenga ndatumiza. Kumtunda sindinapite, miyendo inakana, komanso mchenga ndi mchenga, ndinangotapa kuseri kwa khola. Koma unali wauve, mwana wanga, sindikanatha kukutumizira choncho ngati ndikutumizira mdani. Ndinaupeta palichero, timiyala tonse ndinatola. Ndinautsuka katatu mpaka zakudazo zinatha, chifukwa zimatsalira pansi pa beseni ngati mwaye. Utauma ndinausefa ndi sefa ya ufa, n'kuukazinga m'chiwaya kuti tizilombo tife, n'kuwazamo kamchere pang'ono. Wayera mbee, ukaona wekha. Ndaikamonso zibuma za dothi la chiswe la pamtengo wa mango uja, zofukiza bwino pamoto. Limenelo ndiye lenileni, mchenga ungakuthere mano.

Uzichita pang'onopang'ono, usamachulutse. Usamanyamule zolemera. Usamadye mazira, ndipo usamaime pakhomo, ukafuna kulowa uzingolowa, ukafuna kutuluka uzingotuluka.

Nyumba yafika pamwamba pa mawindo. A Eneya akumatseka shedi yawo yokonzera njinga ku Chiringa dzuwa lili pamutu, n'kubwera kudzamanga mpaka kumadzulo. Dzulo ndinawapatsa nyemba za kalongonda ndi makaka a chinangwa, anadya akuimba nyimbo ya kwaya. Ine ndinathawira kukhitchini, misozi inali pafupi. Mkamwini wotere sapezeka kawiri, Lenia.

Undiuze chinthu chimodzi chokha. Kumchengako umayenda ndi ndani?

Ndine mayi wako,
Rozaria

Chigwa cha Kuiseb
9 Epulo 2024

Amayi,

Moni nonse kumeneko. Katundu ndalandira, zikomo, bwemba ndamaliza tsiku lomwelo. Koma Amayi, mwandichita chiyani?

Mchenga wanu ndinauthira m'masefa aphunzitsi akuonerera. Wonse unadutsa n'kukagwera m'sefa limodzi, ena onse mbee. Ndinayendetsa maginito, sanagwire kanthu. Malinga ndi sikelo yathu, napolo amene anagubuduza miyala yonga nyumba kwathu anali kamphepo kayaziyazi. Aphunzitsi anasuzumira pamakina, n'kupukuta magalasi awo, n'kusuzumiranso, kenaka anandifunsa ngati ku Phalombe kuli nyanja ya mchere. Ndinachita manyazi, ndinangoti mwina mayi anga ndi aukhondo kwambiri.

Zakuda munataya zija ndi zimene ndikufuna. Timiyala munatola tija ndi timene timanena mphamvu ya madzi. Chonde, chonde, tumizaninso. Osatsuka, osapeta, osasefa, osakazinga, ndipo mchere musungire ndiwo. Ukhale wochuluka kuposa uja, wa pamalo atatu monga ndinanenera. Ngati miyendo ikukana, tumani munthu. Ufike Juni asanathe, chifukwa ndikapanda kumaliza ntchitoyi mu Julayi sandilola kubwera.

Nkhani ya khoma la khitchini ndinaseka ngakhale mwandiuza kambirimbiri. Dothi la chiswe lija ntchito yake kuno palibe, komabe ndinabenthulako kachibuma n'kulawa, ndipo ndinangoona ngati ndakhala pansi pa mango paja. Ndaliika pawindo, ndikamakusowani ndimabenthula. Za mazira sindinamvetse, chifukwa kuno tidya chiyani m'mawa? Ndimadya awiri.

Mwafunsa amene ndimayenda naye. Ndi Wilson, dalaivala wathu, mnyamata wa konkuno. Ndi munthu wabwino mtima, amadziwa chigwa chonse ngati pakhomo pake. Nditamuuza kuti mayi anga andiletsa kunyamula zolemera anaseka, ndipo tsopano matumba onse akunyamula ndi iye.

Mawa tikupita kumtunda kwa mtsinje kukatapa mchenga wa pafupi ndi mapiri. Tikagona m'matenti masabata angapo, ndipo kumeneko foni sigwira n'komwe, ndiye mukaona zii musade nkhawa. Eneya mumuuze kuti mawindo asaike aang'ono ngati a khola la nkhunda.

Wanu,
Lenia

Kwa Nazombe
28 Epulo 2024

Kwa Lenia, mwana wa mlongo wanga,

Ndikupatsa moni monga mwa mwambo, ngakhale mtima wanga suli pa moni. Ndine mtsibweni wako Goliati, nkhoswe yako, amene ndinakhala pamphasa ndi akwawo kwa Eneya n'kulonjeza kuti mwana wathu ndi wosungika. Mayi ako akungozungulira ngati nkhuku yofuna poikira, ndiye ine ndinena mosapsatira. Uli ndi pakati.

Usakane. Umboni walemba wekha ndi dzanja lako. Ukudya dothi, ukufuna lina lochuluka, ndipo tsopano wafika pofuna losatsuka. Unachoka kuno mu Januwale chaka chatha. Ine sukulu ndinalekeza panjira, koma miyezi ndimatha kuwerenga, ndipo munthu si njovu. Ndiye Wilson ameneyu ndi wa kwa yani? Ali ndi atsibweni ake? Kwawoko amadziwa kuti mwamuna amakamanga kwa mkazi, kapena akufuna mdzukulu wathu akakulire pamchenga ngati buluzi?

Fainess akulumbira kuti anauza munthu mmodzi yekha, mayi wapampando wa amayi a kutchalitchi, kuti akuike m'mapemphero. Mapemphero ake ayenda msanga. Lachisanu ndinakwera kabaza ku Migowi, ndipo mnyamata wopalasayo, wosandidziwa n'komwe, anandifotokozera nkhani yako yonse mpaka mazira awiri. Anati Wilson ndi mzungu wa migodi. Ndinatsika ndisanafike.

Tsopano imva zoopsa. Akwawo kwa Eneya anabwera Lamlungu lapitali, nkhope zili gwa, kudzafunsa ngati chinkhoswe chikadalipo. Ndinawapatsa thobwa, sanamwe. Eneya mwini wakeyo sakulankhula ndi munthu. Anasowa masiku angapo, ndipo dzulo m'mawa ndinamuona ndi maso angawa atatenga hamala, akugumula khoma la kuseri kwa nyumba ija. Njerwa akuzisanja pambali bwinobwino. Munthu akamasanja njerwa choncho ndiye kuti akufuna kuzinyamula. Sindinamufunse kanthu, ndikanayamba ndi mawu ati?

Ine jekete ya chinkhoswe ndinabwereka kale kwa aphunzitsi opuma aja, ndipo mbuzi tinaisiya osaigulitsa nthawi ya njala. Zonsezi ndi zazing'ono. Chachikulu n'chakuti ukutaya mwamuna amene anakumba nafe matope ndi manja nthawi ya napolo, iwe uli kutali. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Yankha msanga, unene choona, tione ngati pali chopulumutsa.

Mtsibweni wako,
Goliati

Chiringa
5 Meyi 2024

Lenia,

Moni. Ndine Eneya. Kalata iyi sindipereka kwa a Fainess. Ndaiika m'thumba la mchenga, ibwera ndi a Kaliati. Akuti adzera ku Zambia ndipo achedwa, koma bola ifike mochedwa kusiyana n'kuti iyambe yawerengedwa pamsika.

Makalata ako onse awiri ndinawamva, ngakhale sanali anga. Anandiuza anthu obwera kudzamatitsa machubu, aliyense ndi mathero akeake. Poyamba ndinakana. Kenaka mayi ako anayamba kundithawa, ndipo akandipatsa chakudya ankaika nyama yambiri ngati ndine wodwala. Pamenepo ndinakhulupirira. Sindibisa, ndinalira. Ndinapita kwa mbale wanga ku Fort Lister, ndinakhala masiku angapo osagwira sipanala. Wilson ameneyo ndinamumenya m'maganizo mpaka manja anatopa.

Tsiku lina ndinadzifunsa kuti kodi nyumba ija ndimamangira ndani? Ndinapeza kuti ndimamangira iwe, osati mbiri yako. Kuchipululu ndi kutali, ndipo chaka ndi chachitali. Sindikuti sizikuwawa. Koma mwana salakwa, ndipo iwe ndikukufunabe.

Ndiye ndachita zinthu zitatu. Choyamba, ndaboola khoma la kuseri kuti pakhale khomo, ndipo ndikuwonjezera kachipinda. Kayang'ana kum'mawa kuti matewera aziuma msanga.

Chachiwiri ndi chovuta pang'ono. Atsibweni anga amafuna kuthetsa chinkhoswe, ndipo akulu a mpingo anandiitana. Ndinawauza kuti mimbayo ndi yanga. Anafunsa kuti zinatheka bwanji. Ndinati tinakumana mu Januwale muja ndinapita ku Milanje, ku Mozambique, kukagula masipoko. Mkulu wina anafunsa ngati Milanje ndi Namibia zayandikana masiku ano. Ndinati pa njinga yabwino paliponse m'pafupi. Anayang'anana, wina anatsokomola, koma mwamuna akati mwana ndi wanga palibe amamutsutsa. Andiimitsa kwaya ndi mgonero. Usadandaule, besi yanga ndikuimbira njerwa. Ukadzafika nawenso udzanene za Milanje, tisadzasiyane mawu.

Chachitatu ndi mchenga. Ndatapa monga unanenera: kumtunda pamene khwawa limatulukira, pakati pa munda, ndi kumunsi kunali nthochi. Jumbo iliyonse ndalembapo ndi penti ya njinga. Sindinatsuke, sindinapete. Kaya ndi wa sukulu, kaya ndi wakudya, wapempha wosatsuka ndiye ndakupatsa wosatsuka. Ndinalawako ndekha kuti ndidziwe chimene ndikukutumizira. Wa kumtunda uli ndi miyala, ungakuthyole dzino. Wa pakati ndi wakuda ndipo ukumveka chitsulo. Ngati ndi wakudya uyambe wa kumunsi, ndi wofewako.

Uzidya bwino, ndipo za mazirazo uwamvere mayi.

Wako,
Eneya

Chigwa cha Kuiseb
21 Meyi 2024

Kwa Atsibweni ndi Amayi,

Moni ndikupatsani chifukwa munandilera bwino. Ndabwera dzulo kuchokera kumatenti, khungu litapsa, milomo itang'ambika, ndipo chinthu choyamba kuchiona pafoni ndi kalata ya atsibweni. Ndinaiwerenga nditaimirira, ndipo pomaliza ndinali nditakhala pansi.

Ndilibe pakati. Ndibwerezenso kuti a Fainess awerenge mokweza: ndilibe pakati. Nseru ndi ya madzi amchere. Kunenepa ndi kwa buledi ndi nyama. Mchenga ndi wa sukulu, monga ndinalembera m'Chichewa chomveka bwino. Wilson si mzungu wa migodi, ali ndi mkazi ndi ana anayi, ndipo nditamuuza waseka mpaka wagwetsa makiyi mumchenga. Ine sindikuseka.

Amayi, miyezi iwiri yonse osandifunsa funso limodzi lolunjika? Munasankha kukazinga mchenga m'malo mondifunsa? Atsibweni, inu amene mumatiphunzitsa kuti safunsa anadya phula, mwadya lochuluka bwanji? Phalombe yense wandiveka mimba, ine ndili kuno kuwerenga njere padzuwa kuti ndikuchotseni manyazi.

Koma amene wandipweteka kwambiri ndi Eneya. Inu ndi akale, mumaona zizindikiro paliponse. Iye amandidziwa. Wamva zapamsika, osandilembera ngakhale mzere umodzi, n'kutenga hamala. Ngati chikondi chake chimagumuka ndi mphekesera, kuli bwino chagumuka ndisanalowemo. Mumuuze amalize kugumulako, atenge njerwa zake zonse, asasiyepo ndi theka lomwe. Jekete mukabweze kwa eni ake. Chinkhoswe palibe.

Mchenga usiyeni, ndiona chochita.

Lenia

Kwa Nazombe
2 Juni 2024

Mwana wanga,

Moni. Tilipo, koma pakhomo pano pali zii ngati pachoka maliro. Kalata yako mtsibweni wako anaiwerenga pakhonde, Fainess atagwira foni. A Eneya analipo, anali pamwamba akukhoma mitengo ya denga, ndipo anatsika kudzamva. Pamene anamva kuti ulibe kanthu anaseka, anakumbatira a Goliati mpaka chipewa chinagwa. Mtsibweni wako akanalekeza pomwepo, koma ukumudziwa, akayamba kuwerenga saima. Anafika pa njerwa paja. A Eneya anangotola hamala yawo n'kuimangirira pakaliyala ya njinga, n'kutsanzika mwaulemu. Sanabwerenso.

Ine ndinalakwa, ndavomera. Koma nawenso, mwana wamkazi wamkulu, ungalembere mayi ako za nseru, bwemba ndi kunyambita khoma m'kalata imodzi? Ukanapatulako zina n'kutumiza mwezi wotsatira.

Za hamala zija mtsibweni wako anaona ndi maso koma sanaone bwino. Ndimafuna ndikuuze zonse, koma a Eneya andiletsa. Ndinawatsatira ku Chiringa ndi miyendo yangayi. Akuti analemba kalata, ili m'thumba ndi a Kaliati, ndipo safuna kuti wina awalankhulire. Akuti ukaiwerenga n'kunenabe kuti njerwa zichoke, adzazichotsa. Vuto n'lakuti thiraki ya a Kaliati inafera ku Zambia, akudikira chitsulo chochokera kutali.

Ndamvanso kuti mbale wawo wawapezera malo ku Mocuba, ku Mozambique, ndipo akufuna kusamutsa shedi mwezi uno ukatha. Akuti kuno sangathe kukonza njinga anthu akuwaloza.

Usalembenso kalata ya moto usanaone thumbalo, ndakupempha. Fainess akupereka moni, akuti umukhululukire. Masiku ano akuyenda njira ya kuseri.

Mayi wako,
Rozaria

Chigwa cha Kuiseb
19 Juni 2024

Eneya,

Moni. Uli bwanji? Kalata iyi ndaitumiza dala pafoni ya amayi aang'ono a Fainess. Amayi aang'ono, muwerenge mokweza, mukauzenso amayi apampando ndi anyamata a kabaza ku Migowi, koma muyambe mwathamangira ku Chiringa munthuyu asanamange katundu.

A Kaliati afika dzana. Ndinatsegula thumba ndili wokwiyabe, ndipo kalata yako ndinaipeza pansi pa jumbo ya kumunsi. Ndinaiwerengera m'chipinda cha masefa. Pa Milanje ndinaseka mpaka aphunzitsi anabwera kudzaona. Atafika anapeza ndikulira, ndiye anangotseka chitseko n'kubwerera.

Mchenga wako ndi wabwino kuposa wonse umene ndatapa ndekha. Wa kumtunda unadzaza masefa apamwamba, njere zake zakuthwa, sizinayende ulendo wautali. Wa pakati maginito anatuluka atamera ndevu zakuda, ndiye lilime lako silinaname. Wa kumunsi ndi wosalala, wodzaza tonyezimira. Zoyera za nsangalabwi ndi zochepa kusiyana ndi kuno, zambiri ndi zotuwa, mwala wa Michesi weniweni. Ukauika pambali pa wa m'chigwa chino amasiyana mtundu, koma kasanjidwe ka njere n'kofanana, chifukwa madzi aukali amagwira ntchito mofanana kulikonse. Ntchito itha mu Julayi. Koma usadzalawenso, ndakuletsa.

Tsopano imva. Ndikadali wokwiya kuti unakhulupirira. Zimenezo tidzakambirana pamaso, ndipo udzatuluka thukuta. Komanso ndiwe wabodza wosadziwa kunama, munthu wa mapu olakwika. Koma ine ndinamva mbali imodzi n'kukuweruza, chimodzimodzi anthu amene ndimawakalipira. Ndinakuuza kuti utenge njerwa zako pamene iwe unali utataya kwaya, mgonero ndi ulemu wako chifukwa cha mwana amene unkaganiza kuti ndi wa mwamuna wina. Ndachita manyazi, Eneya. Undikhululukire.

Kwa akulu a mpingo tidzapita tonse awiri. Iwe ukalape bodza, ine ndikalape mkwiyo, ndipo atsibweni a Goliati atiperekeze atavala jekete ija, chifukwa nawonso ali ndi chonena. Ku Mocuba usapite. Chinkhoswe chilipo, mu Ogasiti momwemo, ngati ukundifunabe.

Kachipinda kaja usakagumule. Kafolere, uike ndi chitseko chomwe. Mwini wake sanabwere, ndipo sindikudziwa kuti adzabwera liti, koma bambo ake ndawapeza kale.

Ndine wako,
Lenia